Nyumba ya Wofedwa: Kuunika Filimu ya Neria Tili ku Area 2

Mau oyamba

Wansembe aliyense amene adatumikirapo m'maparishi a mu mzinda wa Lilongwe akudziŵa kuti maliro sathera kumanda. Tikadalitsa manda, akhristu nabalalika, pamatsala msonkhano wina umene ife kaŵirikaŵiri sitiitanidwako. Msonkhanowo umachitikira pakhonde kapena pabalaza, m'maŵa mwake mwa tsiku loika maliro, ndipo nkhani yake yaikulu imakhala imodzi: nanga nyumba ino itani? Wofedwa amakhala pamphasa ataŵerama, anthu ena nkumakambirana za denga limene iye wagona pansi pake zaka makumi atatu.

Kuti tiganizire bwino za msonkhano umenewu, tasankha kubwerera ku filimu ya ku Zimbabwe yotchedwa Neria, imene idatuluka kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990. Amene adapeka nthano yake ndi mai Tsitsi Dangarembga, woitsogolera anali Godwin Mawuru, ndipo nyimbo zake adaimba ndi Oliver Mtukudzi, amene adatisiya mu 2019. Filimuyi ndi yakale, komabe Amalaŵi ambiri akamva za kulanda chuma cha masiye, chithunzi chimene chimabwera m'maso mwao ndi chomwecho. Maganizo athu ndi aŵa: filimuyi idanena zoona pa za mlamu wolanda, koma idalekeza pamene funso lovuta likuyambira. Kupulumutsa nyumba kwa olanda ndi ntchito imodzi. Kumlola wofedwa kuti aganize yekha chochita ndi nyumbayo ndi ntchito inanso, ndipo imeneyi ndiyo ikutikhudza ife abusa.

1. Nthano yake ndi mphamvu yake

Neria ndi mwamuna wake Patrick akukhala mu mzinda wa Harare pamodzi ndi ana ao aŵiri. Onse aŵiri amagwira ntchito, ndipo zimene ali nazo adazipeza ndi thukuta la onse. Patrick atafa pa ngozi ya pamseu, mbale wake Phineas afika nayamba kutenga: galimoto, ndalama za ku banki, katundu wa m'nyumba, mpaka ana omwe. Neria ayamba wapirira, poti adaleredwa kuti mkazi wofedwa sayankha alamu ake. Koma ataona kuti ana ake akuvutika, ndiponso molimbikitsidwa ndi mnzake Connie, apita ku bwalo la milandu, ndipo mlandu umkomera. Pa mapeto, pa mwambo woloŵa chokolo, iye akana mlamuyo nasankha mwana wake wamwamuna, kusonyeza kuti sakwatiwanso pa mtundupo.

Mphamvu ya filimuyi ili poti idaonetsa m'mene kulanda kumayambira. Wolanda chuma cha masiye sabwera usiku ngati mbala. Amabwera dzuŵa likuswa mtengo, maso ali ofiira ndi kulira, pakamwa pali mau achibale. Ifenso tidaŵamva mau otere pa makonde a kuno kwathu: "Alamu, musadandaule, makiyiŵa tingokusungirani." Mau akuti kusunga ndiwo khomo loloŵera. Jesesi Mungoshi, amene adaseŵera ngati Neria, adaonetsa mwaluso mtima wa munthu amene akuona zonse koma ulemu wammanga pakamwa. Tiyamikirenso kuti filimuyi sidanyoze mwambo wonse. Apongozi a Neria, amene poyamba sankamuonera kukondwa mpongozi wao wa m'tauniyo, adatsekuka maso pambuyo pake. Ndipo ufulu wokana chokolo Neria adaupeza m'kati mwa mwambo womwewo.

Komabe pali chofooka chimene tiyenera kuchitchula. Phineas adamjambula woipa kotheratu, Neria wangwiro kotheratu. Woonera amatuluka ali wokondwa kuti iye sali ngati Phineas, osadzifunsa kanthu. Pamene pa makonde athu olanda ambiri ndi akhristu a mu Mphakati, ena ndi akuluampingo, ndipo ali ndi zifukwa zimene iwo amaziyesa zolungama. Pali mkulu amene adagulitsa fodya wake zaka zinai kuti malemuyo aphunzire ku sekondale. Pali mai wokalamba kumudzi amene feteleza ankamugulira ndi malemuyo. Ngati sitimva madandaulo a anthu otere, ulaliki wathu udzaŵadutsa pamwamba.

2. Kodi mwambo udati chiyani?

Phineas akudzitchinjiriza ndi mwambo wa Chishona, kumene mwamuna amapereka chuma cha malowolo ndipo ana amakhala a kuchimuna. Ife a chigawo cha pakati tikaonera filimuyi tizikumbukira kuti makolo athu Acheŵa adali ndi dongosolo lina. Pa ukwati wa chikamwini mwamuna ndiye ankasamukira kwao kwa mkazi. Nyumba ankaimanga pa malo a mbumba ya mkaziyo, ndipo munda ankalima wa komweko. Tsono mwamuna akafa, mkazi ankatsala pamudzi pa amai ake, pakati pa alongo ake, pamodzi ndi ana ake. Panalibe womuthamangitsa, poti anali kwao.

Nyumba yeniyeniyo sidali chuma choti anthu nkulimbirana. Idali ya mitengo, tsekera ndi dothi, yofolera ndi udzu. M'midzi yambiri mwini wake akafa ankaigwetsa, kapena kuisiya kuti igwe yokha. Chuma chidali munda ndi anthu. Woloŵa m'malo mwa malemu, amene kaŵirikaŵiri ankakhala mbale wake kapena mwana wa mlongo wake, ankalandira dzina, uta, nkhwangwa ndi khasu, ndipo pamodzi ndi zimenezi ankasenza milandu, ngongole ndi ana amasiye. Choloŵa chidali katundu wolemera pamutu. Bambo J. W. M. van Breugel, m'buku lao lonena za chipembedzo cha makolo a Acheŵa, adafotokoza m'mene maliro ankakhalira ndi kumeta kuŵiri, koyamba patangopita masiku oŵerengeka, kwachiŵiri patapita miyezi. Nthaŵi yolira itatha, ankhoswe a mbali zonse ziŵiri ankakhala pansi namsudzula wofedwa, ndiye kuti kummasula kuti ayambe moyo wina.

Apa tikuphunzira zinthu ziŵiri. Choyamba, munthu amene amabwera ndi lole kudzatenga mafiriji ndi zikalata za nyumba ya njerwa zootcha, namati akutsata mwambo, akunamizira makolo. Makolo sadaidziŵe nyumba yotere, ndipo sadalole kuti munthu atenge uta nasiya ana amasiye. Chachiŵiri, pa chikamwini amene ankachoka ndi mwamuna. Filimu ya Neria ilibe mau pa za bambo wofedwa, koma kwathu kuno alipo ambiri. Tikunena za munthu amene adapuma pa ntchito ya boma, natenga ndalama zake zonse za penshoni kukamanga nyumba ya malata kwao kwa mkazi. Mkaziyo atamwalira, alamu ake amsudzula mwaulemu wonse, iye nachoka ndi sutikesi ali ndi zaka 70, kupita ku mudzi umene adauchoka ali mnyamata. Chisoni cha bambo wotere sitichilalika kaŵirikaŵiri.

3. Nyumba ya ku Area 2

Tsopano tiyeni tiime pa malo amodzi. Area 2 ili m'tauni yakale ya Lilongwe, tsidya la kuvuma kwa mtsinje, kumene kuli msika waukulu, depoti ya mabasi ndi mseu wa Malangalanga. Kuyambira pa nthaŵi ya atsamunda kumeneku ndiko kudali masitolo a Amwenye. Lilongwe itasanduka likulu la dziko mu 1975, ndiponso boma litalamula m'zaka za m'ma 1970 kuti amalonda achimwenye achoke m'midzi nkukhala m'mizinda inai ya Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu, malo a kuno adayamba kusoŵa. Lero nyumba zakale zokhala ndi mitengo ya mango pabwalo zili pakati pa masitolo ndi nyumba zosungiramo katundu, ndipo poloti iliyonse ili ndi oifuna.

Nyumba yotere siili pa malo a mbumba ya mkazi kapena ya mwamuna. Kaŵirikaŵiri ili pa malo obwereka ku boma kwa zaka 99, amene anthu amati lisi. Ili ndi chikalata, ndipo pa chikalatapo pali dzina. Ili ndi msonkho wa ku khonsolo ya mzinda, mabilu a madzi ndi magetsi, denga lofuna kukonza. Wolemba mbiri Kings Phiri adasonyeza mu 1983 m'mene ntchito zolipidwa, mbeu zogulitsa, maulendo a ku migodi ndi chiphunzitso cha amishoni zidasinthira banja la Acheŵa, mpaka bambo nkuyamba kuposa malume pa ana. Nyumba ya m'tauni ndi chipatso cha kusinthaku. Adaimanga ndi anthu aŵiri amene adalonjezana pa guwa kuti adzakhala thupi limodzi, ndipo sing'anga kapena nyakwaŵa sadaikepo dzanja.

Malamulo a dziko adatsatira kusinthaku mochedwa. Lamulo la chuma cha masiye la 1967 lidati mwamuna wa ukwati wa kuchikazi akafa wopanda wilu, mkazi, ana ndi ena omudalira alandire magawo aŵiri mwa magawo asanu, pamene magawo atatu azipita kwa oloŵa chuma monga mwa mwambo. Kumene kuli malowolo ankagaŵa pakati ndi pakati. Lamulo lomwelo lidaletsa abale kuzula zitseko ndi mazenera pa nyumba imene mkazi wofedwa afuna kukhalamo. Mau ameneŵa akuulula nyumba imene olemba lamulo adali nayo m'maganizo: ya dothi, imene mtengo wake udali m'zitseko basi. Malamulo aakulu a dziko a 1994, mu gawo 24, adalamula kuti miyambo yolanda amai chuma, kuphatikizapo chuma cha masiye, ithetsedwe. Koma padapita zaka 17 kuti lamulo latsopano libwere.

Lamulo la 2011 lidachotsa oloŵa chuma a mwambo. Tsopano munthu akafa wopanda wilu, olandira ndi mkazi kapena mwamuna wake, ana ake, ndi amene ankamudalira, monga makolo ake amene iye ankaŵasamala. Wofedwa amasunga ziŵiya ndi katundu wa m'nyumba mwake. Chuma chotsala amagaŵana wofedwa, ana ndi makolo a malemu, ndipo kukwatiwanso sikumlanda gawo lake, kupatula ngati chumacho chili pa malo a mafumu, pamene chimapita kwa ana. Kutenga chuma cha masiye popanda chilolezo ndi mlandu woti munthu nkumangidwa nao. Anansi athu adayenda njira zao. Ku Zambia lamulo la 1989 lidapatsa wofedwa magawo 20 mwa magawo 100, ana 50, makolo 20 ndi ena odalira 10, ndipo wofedwa amakhala m'nyumba moyo wake wonse pokhapokha atakwatiwanso. Ku Zimbabwe, kwao kwa Neria, lamulo lidasinthidwa mu 1997 kuti nyumba imene banja linkakhalamo izipita kwa wofedwa.

4. Pamene filimu ikulekeza

Tiyerekeze tsono kuti Neria wa ku Area 2 wapambana, alamu abwerera kumudzi, makiyi ali m'manja mwake. Filimu yatha, koma iye wagona m'nyumba ya zipinda zinai ali yekha. Ana adakula, wina ali ku Blantyre, wina ku Johannesburg. Akamuimbira foni amati: "Amai, nyumbayi yakukulirani, gulitsani mubwere kuno." Wamalonda watumiza kale munthu kudzafunsa mtengo, chiliza chisanamangidwe. Alongo ake akuti abwerere kumudzi. Anzake a m'bungwe la amai akuti kuchoka nkumtaya malemu. Mai wina wofedwa adatiuza mau amene sitidzaŵaiŵala: "Bambo mfumu, aliyense akundiuza zochita, koma palibe wandifunsa." Anthu onseŵa si olanda, ndipo ena amamukondadi. Komabe akuchita chimodzi mwa zimene Phineas adachita: akumuganizira ngati iye palibe.

Pano nzeru za Thomas Aquinas Woyera zingatithandize. Pokamba za chuma, iye adasiyanitsa mphamvu yoyang'anira ndi kugaŵa zinthu, imene imayenera kukhala ndi mwini wodziŵika, ndi kagwiritsidwe ntchito ka zinthuzo, pamene munthu ayenera kukumbukira osoŵa naŵagaŵira mosaumira. Msonkhano Waukulu Wachiŵiri wa ku Vatican udabwereza chiphunzitso chomwechi mu 1965 m'chikalata cha Gaudium et Spes. Tikachiika pa khonde la ku Area 2, chikutiuza kuti mphamvu yogamula za nyumba ili ndi wofedwa pamodzi ndi ana amene lamulo laŵapatsa gawo. Apongozi okalamba amene ankadalira malemu ali ndi chao mwa chilungamo. Mkulu uja wa fodya ali ndi ufulu wopempha, ndipo wofedwa wachikhristu sayenera kumtsekera chitseko, poti chibale ndi fupa, sichiola. Koma chimene munthu ayenera kupempha, sangachitenge ndi manja ake.

Nyumba ili ndi nkhope zitatu. Ndi chuma chokhala ndi mtengo wake, ndi pogona, ndiponso ndi chikumbutso. Wamalonda amaona mtengo wokha. Ana akutali amaona mabilu ndi mantha a mbava. Anzake opemphera amaona chikumbutso chokha, nasandutsa nyumba kukhala manda oti mai aziŵalonda. Wofedwa yekha ndiye amaziona zonse zitatu pamodzi, poti ndiye amadziŵa kulemera kwa usiku m'chipindamo, ndiponso kutsekemera kwa mthunzi wa mango amene adabzala aŵiri. Akuluakulu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Kukhala, kuchititsa lendi zipinda zina, kugulitsa nkugula kanyumba kakang'ono, kapena kubwerera kumudzi: mwa zonsezi palibe tchimo, palibenso chimene chili choyera kuposa chinzake.

Apa ndipo tikusiyana ndi mathero a filimuyi. Neria amatikomera chifukwa ali ndi ana, ankalandira ndalama zakezake, ndipo wasankha kusakwatiwanso. Nanga mkazi amene Mulungu sadampatse mphatso ya ana? Nanga amene ntchito yake yonse idali ya pamoto ndi pamtondo, wopanda lisiti ndi limodzi lomwe losonyeza kuti adagula thumba la simenti? Nanga wa zaka 35 amene patapita zaka ziŵiri wapeza banja lina? Anthu amene amalira poonera Neria ndi omwewo amene amati mkazi wotere asaloŵetse mwamuna wina m'nyumba ya mbale wao. Koma Eklezia amaphunzitsa, potsata Paulo Woyera pa 1 Akorinto 7:39, kuti imfa imamasula chimango cha ukwati. Makolo pomsudzula wofedwa ankanena zofanana ndi zimenezi m'chinenero chao. Ufulu wa wofedwa pa nyumba yake si mphotho ya kukhala mbeta.

Malembo Oyera ali ndi zitsanzo zoposa filimuyi. Pa 2 Mafumu 8:1-6 mai wa ku Sunemu, atathaŵa njala zaka zisanu ndi ziŵiri, adabwerera napeza nyumba ndi munda wake zili m'manja mwa ena. Adapita kwa mfumu kukadandaula, ndipo adambwezera zonse pamodzi ndi zokolola za zaka zonsezo. Tsono mkhristu wopita ku khoti chifukwa cha nyumba yake asamuyese wopanda chikhululukiro. M'mutu woyamba wa buku la Rute, Naomi adamasula akazi a ana ake aŵiri kuti asankhe okha. Oripa adabwerera kwao, Rute adatsala ndi apongozi ake, ndipo bukulo silidzudzula ndi mmodzi yemwe. Naomi ndiye mpongozi amene tiyenera kumlalika: wofedwa amene adadziŵa kumasula ofedwa anzake.

5. Ntchito yathu

Choyamba, nkhaniyi iyambire pa maphunziro a ukwati. Anthu ambiri amaopa kulemba wilu, amati nkudziitanira imfa. Tiŵaphunzitse kuti ndi ntchito ya chikondi, ndipo njosavuta: kulemba, ndi kusaina pamaso pa mboni ziŵiri. Tiŵauzenso kuti lamulo la kalembera wa malo limalola mwamuna ndi mkazi kulembetsa nyumba m'maina a onse aŵiri ngati eniake limodzi, kotero kuti wina akafa, nyumba imatsala ndi mnzake. Ankhoswe azimva zimenezi ukwati usanadalitsidwe.

Chachiŵiri, wofedwa asakhale yekha pa msonkhano wa pakhonde uja. Pamene Ambuye Patrick Kalilombe adasonkhanitsa dayosizi ya Lilongwe pa sinodi ya 1973 mpaka 1975, nakhazikitsa Miphakati, cholinga chidali chakuti Mpingo ukhale pamene anthu akukhala. Mphakati umene umaphika ndi kuimba usiku wonse pa maliro, nubalalika nthaŵi yogaŵa katundu ikakwana, wasiya ntchito pakati. Pakhale akulu aŵiri kapena atatu odziŵa lamulo, odziŵanso njira ya ku ofesi ya DC, kwa Administrator General ndi ku Legal Aid Bureau. A bungwe lathu la Chilungamo ndi Mtendere angathe kuŵaphunzitsa.

Chachitatu, titeteze nthaŵi. Makolo adaika miyezi pakati pa kumeta koyamba ndi kwachiŵiri chifukwa adadziŵa kuti mtima wolira suŵerenga bwino. Tilangize mabanja kuti chinthu chosabwezeka, monga kugulitsa, chidikire mpaka chaka chitatha, pokhapokha ngati ngongole kapena matenda zikukakamiza. Ndipo wofedwa akabwera kwa ife, tisafulumire kuwonjeza malangizo athu pa mulu wa malangizo amene ali nao kale. Timufunse chimene iye akufuna, kenaka tikhale chete kuti ayankhe.

Chotsiriza chikutiloza ife eni ake. Pa Marko 12:40 Ambuye Yesu adadzudzula anthu odya nyumba za akazi amasiye, ndipo amene adaŵatchula pamenepo sadali alamu kapena amalonda. Adali akatswiri a Malembo, anthu a mikanjo ndi mapemphero ataliatali. Wofedwa wachisoni akafuna kupereka nyumba kapena ndalama zake ku parishi, timuuze kuti adikire, akambe ndi ana ake, ndipo ife tisakhale mboni ya chikalata chimene tikupindula nacho. Tidzifunsenso za nyumba za pa mishoni. Katekisiti kapena mphunzitsi akafa, mkazi wake timampatsa masabata angati tisanaitanitse makiyi? Nyumbazo nza ntchito, nzoona, ndipo woloŵa m'malo akufuna pogona. Koma m'mene timachitira pamenepo ndi ulaliki umene akhristu amaumva kuposa wa pa Sabata.

Tikulangiza kuti filimu ya Neria izionetsedwabe m'maseminale ndi m'maholo a maparishi, chifukwa imatsekula pakamwa anthu amene sakadayankhula. Koma woionetsa asazimitse makina nkubalalitsa anthu. Aŵafunse kuti Neria adzatani ndi nyumbayo ana akadzakula, ndipo ndani adzamufunse maganizo ake. Ali pa mtanda, Ambuye adasamala za kumene amai ao adzagone, naŵapereka kwa wophunzira amene adaŵatenga kukakhala nao kwao. Ife amene tikuphunzira kuima pa guwa m'dzina lao, tiphunzirenso kukhala pansi pa khonde la wofedwa.